Torleiv ndi Asilikali Ake Ofiira

Torleiv Bjelland mukakumana naye m'shopu, musayerekeze kumufunsa kuti kwacha bwanji. Akuyankhani za Jerv. Muima pamenepo mpaka mkaka womwe mwanyamula usase, iye akulongosolabe mmene Jerv anazingira adani chaka chakutichakuti. Ndiye Jerv si mwana wake, si galu wake, si boti ayi. Ndi kapulogalamu ka pa kompyuta. Bambo wa zaka 57, imvi mbuu, mimba ili patsogolo, koma chomwe anganyadire pa dziko lino ndi kanthu koti magetsi akazima nako kazima.

Bambo ake, malemu Oddvar, anali munthu wamanja. Injini ya boti ikatsokomola padoko pathu pano, kummwera kwa Norway, iwo ankangotchera khutu n'kunena kuti vuto lili apa. Mwanayu ayi. Kumutuma sipanala, ankabwera ndi pulayala. Kupita naye panyanja, kusanza kunkayambira padoko pomwepo. Kusukulu sanali mbuli, komanso sanali woti aphunzitsi n'kumukumbuka. Ntchito anaipeza pakoleji ya m'tauni muno, osati yophunzitsa, koma yokonza makina osindikizira mapepala akatsamwa ndi kukumbutsa mapulofesa manambala awo achinsinsi. Zaka makumi atatu ali m'kachipinda kapansi kopanda zenera. Mkazi anapeza wabwino, Gunvor, amene amasamalira nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, ndipo mpaka lero palibe akudziwa chomwe mayiyu anaona mwa iye.

Chiyambire unyamata wake Torleiv ankakonda masewera ankhondo a pa kompyuta, aja oti umatuma antchito kukadula mitengo ndi kukumba golide, n'kumanga msasa, n'kutulutsa asilikali kukaphwanya msasa wa mnzako. Si zodikirana kuti sewera ndisewere ayi. Nonse mumayenda nthawi imodzi, wochedwa zala wafa. Tsono zala za Torleiv zinali ngati masoseji. Tiana ta ku Korea tinkamukwapula asanamalize n'komwe kumanga msasa. Munthu wanzeru akanasiya n'kuyamba kuweza nsomba. Iye anati popeza zala zandikana, ndipanga chondisewerera. Ndi mmene anabadwira Jerv, loboti yopanda thupi, yongokhala m'kompyuta n'kumalamula asilikali yokha. Dzinalo ndi la kanyama kolusa ka m'mapiri, msuweni wake wa chiuli. Munthu woopa ngakhale mphaka wa aneba, kusankha dzina lotero.

Kuti Jerv akhale ndi pomenyera, Torleiv anamanga bwalo lakelake, gemu yaing'ono ya timabokosi, uku asilikali ofiira, uku abuluu, yothamanga moti nkhondo chikwi zimatha khofi asanazizire. Apa pokha tisamunamizire, ntchito anaigwira. Atamaliza analiika pa intaneti poyera, laulere, pamodzi ndi malemba ake onse a m'kati, n'kulemba pamwamba kuti aliyense atenge, asinthe, agawire anzake.

Anthu amaphunziro aja, amene amafuna kuphunzitsa makompyuta kuganiza okha, anagwerapo ngati ntchentche pa mitu ya nsomba. Ku Germany, ku Canada, ku Japan, aliyense ankaphunzitsira loboti yake pabwalo la Torleiv, n'kulemba mapepala, n'kuvala zipewa za udokotala. Chinthu chaulere sachitembenuza kuti aone kunsi kwake. Ankangodya basi.

Mwambo wa anthu amenewa ndi wotere. Ukaona pong'ambika pabwalopo, umasoka chigamba n'kutumiza, ndipo kalata yako imakhala poyera, dziko lonse likuwerenga. Koma chigambacho sichilowa mpaka wosunga kiyi atadina kabatani kobiriwira. Wosunga kiyi anali mmodzi yekha, Torleiv. Munthu amene pakoleji ankamuitana ndi mluzu makina akatsamwa, kunoko mapulofesa ankamulembera mogwada. Mutu unakula.

Chaka chilichonse mwezi wa Meyi ankachititsa mpikisano. Anthu ankatumiza maloboti awo, makumi anayi kapena kupitirira, ena n'kubwera okha kudzaonerera m'holo ya koleji, Gunvor atawaphikira mulu wa mawafulo, zitumbuwa zathu za kuno. Maloboti ankamenyana pachinsalu chachikulu, anthu akuluakulu andevu akukuwira timabokosi. Ndipo Jerv ankapambana. Chaka choyamba anthu anati mwayi. Chachitatu anayamba kumuitanira Torleiv kumisonkhano. Pofika chachisanu ndi chinayi, mapulofesa a pakoleji pomwepo ankayamba ndi iwo kumulonjera m'khonde, ndipo iye ankayenda ngati wameza ndodo.

Mu Febuluwale wa chaka chakhumi, ali m'kachipinda kake akudya buledi wa tchizi chofiirira, panagogoda Sunniva Myklebust. Anali mtsikana wophunzira za udokotala wa makompyuta pakolejipo, wochokera kumadzulo uko kwa anthu oumira ndi mawu omwe. Loboti yake sankaiuza chochita. Ankangoisiya imenyane yokhayokha, usana ndi usiku, mpaka iphunzire. Ndiye poyang'ana zotsatira anaona chodabwitsa. Loboti yomweyo mbali zonse ziwiri, mapasa akumenyana, nzeru zofanana, mphamvu zofanana, koma pa nkhondo 100 zilizonse wofiira ankapambana 62.

"Torleiv, muli ndi kanthawi?" anafunsa Sunniva.

"Ngati ndi makina a m'mwamba aja, ndikudziwa. Musamaikemo mapepala onyowa."

"Si makina. Ndi bwalo."

Torleiv anawongoka, kusasa nyenyeswa pachifuwa, n'kumukokera mpando. Ankaganiza kuti abwera kudzamutamanda.

Sunniva anatenga zolembera ziwiri patebulo, chofiira ndi chabuluu, n'kuziyang'anitsa. "Asilikali awiri awa, aliyense watsala ndi moyo wa nkhonya imodzi. Amenyana nthawi imodzi. Afe ndani?"

"Onse awiri. Funso la ana limenelo."

"Ndi mmene munalembera m'malamulo. Koma kompyuta imayamba kuwerenga nkhonya ya wofiira. Ikamafika kwa wabuluu imapeza ndi maliro kale, ndiye nkhonya yake siiwerenga."

Torleiv anatafuna pang'onopang'ono. "Kanthu kakang'ono ako."

"Kakang'ono, ee. Koma m'nkhondo imodzi kamachitika kambirimbiri. Tsono pampikisano, ofiira amapatsidwa ndani?"

"Amene ali pamwamba m'kaundula."

"Nanga nambala wani m'kaundula ndani?"

Jerv analembedwa m'kaundula tsiku lomwe bwalo linabadwa, kusanabwere wina aliyense. Zaka zisanu ndi zinayi zonse, sanavalepo buluu ngakhale kamodzi.

"Sindikuti munachitira dala," anatero Sunniva. "Chigamba ndasoka kale, timizere tinayi basi. Ndimati muyambe mwaona nokha ndisanaike poyera. Mwinanso zikhoza kukoma mutalengeza ndinu."

"Uli chaka chachingati iwe?"

"Chachiwiri."

"Bwalo limeneli lili ndi zaka 14. Mmene ndinkalimanga, iwe n'kuti ukudumpha chingwe pabwalo la sukulu."

"Ee, n'chifukwa chake sindinathe kukuuzani nthawi imeneyo," anatero Sunniva. Anasiya zolembera zija n'kutuluka.

Dala Torleiv sanachitire, zimenezo n'zoona. Kuba kumafuna nzeru. Iye anangolakwitsa ngati mmene ankalakwitsira sipanala ya bambo ake, ndipo madokotala onse aja, ndi zipewa zawo, palibe anasuzumira.

Loweruka m'mawa, Gunvor akusenda mbatata kukhitchini, Torleiv anakhala pakompyuta yake kuchipinda. Anatenga Jerv, kumuveka buluu, n'kumuponyera loboti ya Mjeremani wina yomwe inali yachiwiri chaka chatha. Nkhondo 100. Jerv anapambana 31. Anati kompyuta yatentha, anaizimitsa, kuyatsanso. Anapambana 29. Kenako anaikamo chigamba cha Sunniva mwakabisira, pakompyuta yake yokha, kuti nkhonya zonse ziziwerengedwa. Jerv anapambana 44. Anabwereza katatu, manambala osasuntha.

Gunvor analowa ndi khofi, n'kumuyang'ana. "Wamwalira ndani?"

"Palibe."

"Nkhope imeneyo ndimaiona kuntchito, pa nkhalamba zomwe zauzidwa kuti ana sabwera pa Khirisimasi. Yankhula."

Anamufotokozera, ndi zolembera zomwe. Gunvor anaika kapu patebulo n'kuseka mpaka kugwira chitseko.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuwotcha manja ndi mawafulo chifukwa cha munthu wothamanga motsetsereka, anzake akukwera chitunda?"

"Sindinkadziwa, Gunvor!"

"Ndamva. Dzulo sunkadziwa. Nanga lero?"

Torleiv anabwezera maso pakompyuta.

"Dina kabatanko, bambo iwe. Uwauze kuti ndinalakwitsa, mwana wa eni wakonza, zikomo. Mawa kucha bwinobwino. Anthu ako aja si amanyadira kuti amakonzerana zolakwa poyera?"

"Chaka chino ndi chakhumi."

"Chakhumi cha chiyani? Cha kutsetsereka?"

"Iwe zimenezi suzimvetsa."

"Ee, ine ndimangosintha matewera a anthu akuluakulu. Ndipo ndikuuze, amene amati sindinadziipitsire ndi amene amanunkha kwambiri."

Gunvor anabwerera ku mbatata zake. Torleiv anatsala akuyang'ana kabatani kobiriwira, koma chomwe ankaona ndi khonde la koleji. Ankaona mapulofesa akumudutsa osakweza ndi mutu womwe, ankamva mluzu uja, makina atsamwa, itanani wapansi uja. Jerv akavula zofiira, iye atsala ndani? Mwana wa Oddvar wosanza padoko. Anazimitsa kompyuta.

Sunniva anadikira milungu itatu. Kenako anaika chigamba chake poyera, ndi manambala ake, mwaulemu, osatchula ngakhale dzina la Jerv. Koma anthu amasamu safuna kuwatafunira. Pofika madzulo tizala toimika tosonyeza kuvomera tinali mbwee pansi pa kalatayo.

Torleiv anayankha kuti nkhondo 100 n'zochepa, ayesenso. Sunniva anayesa zikwi khumi, n'kubweretsa zomwezo. Torleiv anati chigamba chikalowa, zotsatira za mapepala onse akale sizidzafanananso ndi zatsopano, ndiye sayansi isokonekera. Apa mapulofesa ena anayamba kutsokomola, poti nawo mapepala awo anaima pa chitunda chomwecho, ndipo kwa masiku awiri kunali zii. Ophunzira ndi otero, choonadi amachikonda chikamaluma mnzawo.

Anadzatsegula pakamwa ndi Mjeremani uja, munthu amene anakhala wachiwiri kanayi konse atavala buluu, woyenera kukwiya kuposa onse. Sanatukwane. Analemba kuti chabwino, bwalo likhale mmene liliri, koma pampikisano wa chaka chino maloboti azisinthana mitundu, nkhondo ino wofiira, inayo wabuluu. Limeneli linali khomo lotseguka, loti ngakhale ng'ombe ikanaliona. Torleiv akanangoti ee, nkhani ikanathera pomwepo, ulemu wake uli m'thumba.

Iye analemba kuti malamulo a mpikisano sasinthidwa nthawi itayandikira. Kenako pa kalata ya Sunniva anamatapo kachizindikiro koti ili si vuto, ndi mmene bwalo linapangidwira, n'kutseka makambiranowo ndi kiyi yake kuti wina asalembenso.

Anagona bwino masiku atatu. Chomwe anaiwala ndi mawu ake omwe, aja analemba pamwamba zaka 14 zapitazo, oti aliyense atenge, asinthe, agawire anzake. Sunniva anakopera bwalo lonse, kusokapo timizere take tinayi, n'kuliimika pambali ndi dzina lina. Inali ntchito ya masana amodzi, ndipo panalibe kuba kulikonse, mwiniwake analoleza yekha. Mjeremani anasamuka tsiku lomwelo. A ku Canada mawa lake. Torleiv ankatsegula kompyuta m'mawa uliwonse n'kumaona anthu akuchoka mmodzimmodzi, osatsanzika, ngati alendo a paukwati chakudya chikatha.

Loweruka lomaliza la Epulo linali la dugnad, tsiku loti aliyense wa m'midadada yathu atuluke ndi leki kudzasesa masamba ovunda ndi timiyala tothira pa ayezi. Kujomba dugnad ndi manyazi oposa kuledzera m'tchalitchi, ndiye Torleiv anatuluka. Sunniva amachita lendi mumdadada wachitatu, naye anatuluka. Wogawa ntchito, osadziwa kanthu, anawaika pamodzi, wina leki, wina thumba.

Torleiv ankakokera masamba nkhope ili kumbali.

"Ndatsegula thumba, thirani," anatero Sunniva.

Anathira, theka pansi.

"Dzina lanu lili pamwamba penipeni, Torleiv. Tinalemba kuti woyambitsa ndi inu. Makiyi tapanga atatu, kuti pasakhale munthu mmodzi wotseka pakhomo. Imodzi ndi yanu, mukaifuna."

"Kiyi ya nyumba yanga yomwe, undipatse iwe?"

"Nyumba yanu ili pompo. Sindinachotsepo ndi njerwa imodzi yomwe."

"Unangochotsa anthu."

"Anthu ali ndi miyendo yawo. Bweretsani Jerv kumpikisano wathu. Mitundu tizisinthana. Ndamuwerenga m'kati mwake, ndi wochenjera. Mmene amabisira antchito kuseri kwa nkhalango muja, yanga inatenga mwezi kuti iphunzire."

Torleiv anaima kaye. Mawu amenewa anamulowa, makutu anafiira. Pa zaka zonsezi palibe anamuuzapo kuti wawerenga m'kati mwa Jerv. Onse ankangoomba m'manja pamapeto. Pakamwa panatseguka pang'ono. Kenako anakumbukira 44 uja.

"Jerv samenya m'mabwalo a anthu okopera," anatero.

"Chabwino. Thirani."

Torleiv anakanda pansi mwaukali mpaka udzu kuzuka. Gunvor anakuwa ali patebulo la khofi: "Torleiv! Ukusesa kapena ukukumba manda?"

Tsiku la mpikisano wake linafika. Anabwereka holo yomwe ija, kuyala mipando makumi asanu ndi limodzi, kuvala jekete la kumisonkhano. M'kaundula munatsala maloboti atatu. Jerv, nambala wani. Ya bambo wina wa ku Finland amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo, yopanda woichotsa. Ndi ina yomwe Torleiv mwiniwake analemba kalekale ngati chitsanzo cha ongoyamba kumene, yomwe asilikali ake amangoyenda uku ndi uku ngati nkhuku zodulidwa mitu. Gunvor anati ali pantchito, ngakhale linali tsiku lake lopuma. M'holo munali munthu mmodzi, woyang'anira nyumbayo, ataima pakhomo akuseweretsa makiyi.

Torleiv anaima kutsogolo, kulandira mipando ndi manja awiri, kuwerenga malamulo onse osadumpha ngakhale limodzi, n'kudina batani. Zinatha mphindi zinayi. Jerv, atavala zofiira, anagonjetsa wakufa ndi chitsiru.

"Yatha?" anafunsa woyang'anira nyumba.

"Jerv wapambana. Kakhumi."

"Zabwino zonse. Mipandoyo mubweze mmene munaipezera."

Patapita sabata unachitika mpikisano wa Sunniva, pa intaneti, maloboti 52. Tsono lamulo loti loboti iliyonse ikhale poyera, aliyense aione m'kati ndi kuitenga, analiika ndi Torleiv yemweyo, ndipo Jerv naye anali poyera. Mjeremani uja anamutenga n'kumulembetsa, osasintha ngakhale kadontho. Jerv anamenya nkhondo zake theka wofiira, theka wabuluu, pabwalo losalala, kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Anakhala nambala 11.

Pa maloboti 52, nambala 11. Kumbuyo kwake kunatsala maloboti a makoleji okhala ndi makompyuta odzaza nyumba, ophunzitsidwa miyezi ndi miyezi ndi magulu a madokotala. Kanthu kolembedwa ndi wokonza makina osindikizira, yekhayekha, m'kachipinda kopanda zenera, ndi zala za masoseji. Uwu ndiwo unali ulemu wake weniweni, woyamba pa moyo wake womwe sanaupeze motsetsereka. Anthu analemba poyera kuti mkuluyu ndi katswiri ndithu. Sunniva anamutumizira mndandanda wonse, mzere wa 11 ataulemba mochindikala, ndi mawu awiri okha, oti mwachita bwino.

Torleiv anauwerenga ali m'kachipinda kake. Anauwerenga kawiri, chala chikutsika kuchokera pamwamba, kudutsa mayina khumi. Kenako anayankha mzere umodzi: "Chotsani dzina la Jerv pamndandanda wanu. Jerv sanakhalepo nambala 11."

Analichotsa, anthu ake ndi aulemu. Pamzere wa 11 tsopano palembedwa kuti ya munthu wosafuna kutchulidwa.